Kugulitsa katundu ku khonsolo ya mzinda: zoyenera kudziwa musanaponye tenda

Malawi ali ndi mizinda inayi, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo uliwonse uli ndi khonsolo yomwe imagula katundu chaka chonse. Amalonda ambiri a ku Limbe, ku Area 2 kapena ku Luwinga amaona msika umenewu ngati wa anthu odziwana ndi mabwana basi. Ena mwa madandaulo awo ndi oona. Komabe ochuluka amagonja pa zifukwa zimene akanatha kuzipewa, ndipo ena amapambana tenda n'kugwa nayo chifukwa sanawerengere kuti ndalama zidzabwera liti.

Kodi khonsolo imagula chiyani?

Pafupifupi chilichonse chimene munthu amaona m'tauni. Matsache, mawilibala ndi magambuti a osesa m'misewu. Matayala ndi mabatire a galimoto zonyamula zinyalala kupita ku Mzedi mu Blantyre kapena ku Area 38 mu Lilongwe. Mabuku a ziphaso za m'misika, utoto wolembera mizere pamsewu, mababu a magetsi a m'misewu, yunifomu za alonda ndi za ozimitsa moto, mapepala ndi inki za m'maofesi. Palinso ntchito za manja: kukonza ngalande mvula isanayambe, kumanga zimbudzi za pamsika, kukwirira maenje a pamsewu, kutchetcha, kukonza makompyuta, ngakhale kuphika chakudya cha pamsonkhano.

Ndalama zake zimachokera ku msonkho wa malo ndi nyumba, womwe anthu amangouti siti reti, ku ziphaso za m'misika, ku malaisensi a bizinesi, ku malo oimika galimoto, komanso ku boma lalikulu ndi mabungwe othandiza. Wamalonda wochenjera amafunsa msanga kuti ntchito imene akuifunayo ilipiridwa ndi thumba liti. Ntchito ya pulojekiti yokhala ndi ndalama zakezake siyenda mofanana ndi imene ikudikira kuti eni nyumba alipire msonkho.

Ndani amasankha wogulitsa? Ndi meya kapena makhansala?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amatayira nthawi ndi ndalama. Meya ndi makhansala amavomereza bajeti ndi kuyang'anira mmene khonsolo ikuyendera, koma kusankha wogulitsa si ntchito yawo. Imeneyi ndi ntchito ya ogwira ntchito pa khonsolopo, motsogozedwa ndi mkulu wa khonsolo.

Lamulo loyamba lalikulu la kagulidwe ka katundu wa boma linabwera mu 2003, ndipo linakhazikitsa ofesi yoyang'anira kagulidweka ya ODPP. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inabweretsa lina, lomwe linakhazikitsa bungwe la PPDA m'malo mwa ofesi ija ndipo linagwira ntchito mpaka 2025. Malinga ndi dongosolo limeneli, nthambi iliyonse ya boma, kuphatikizapo makhonsolo, imakhala ndi ofesi yogula katundu, yomwe imakonza mapepala ndi kuitanitsa mitengo, komanso komiti ya IPDC, yomwe imavomereza. Zopempha za amalonda zimaunikidwa ndi kagulu kosankhidwira ntchito imeneyo, ndipo mtengo ukapitirira malire ena, PPDA iyenera kuona mapepalawo n'kunena kuti ilibe chotsutsa mgwirizano usanasainidwe.

Choncho khansala akalonjeza munthu kuti amupezera ntchito ya ngalande, akulonjeza chinthu chimene lamulo silinamupatse. Zikatheka, ndiye kuti penapake lamulo lapindidwa, ndipo tsiku lofufuza dzina lopezeka pa invoisi lidzakhala la wamalondayo.

Munthu ayenera kukhala ndi mapepala otani asanayambe?

Choyamba ndi satifiketi yosonyeza kuti bizinesi inalembetsedwa kuboma. Kenako nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, pamodzi ndi chikalata chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho. Chachitatu ndi satifiketi ya PPDA, yomwe imaonetsa mtundu wa katundu kapena ntchito imene bizinesiyo inalembetsa. Wofuna ntchito zomanga amafunikanso satifiketi ya bungwe loyang'anira makontrakitala, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina loti NCIC, ndipo satifiketiyo imanena kukula kwa ntchito imene angaigwire. Pamwamba pa izi pamafunika akaunti ya kubanki ya m'dzina la bizinesi, osati ya mwini wake kapena ya mkazi wake.

Ambiri mwa mapepalawa amatha mphamvu pakapita nthawi. Wamalonda amene amakumbukira za chikalata cha MRA atawona kale tenda m'nyuzipepala amakhala atachedwa, chifukwa ngati ali ndi zotsalira za msonkho sangazikonze m'masiku awiri.

Nanga amadziwa bwanji kuti kwatuluka ntchito?

Zimatengera kukula kwa ntchitoyo. Zogula zazing'ono zimayenda pa makotesheni: khonsolo imapempha mitengo kwa amalonda osachepera atatu, n'kuyerekeza. Zidziwitso zotere zimamatidwa pa bolodi la ku ofesi za khonsolo, monga ku Civic Centre ku Chichiri, ndipo zina zimatumizidwa kwa amalonda omwe ali kale pa mndandanda wa khonsoloyo. N'chifukwa chake kulowa pa mndandanda umenewu, khonsolo ikalengeza kuti ikulemba ogulitsa a chaka chimenecho, ndi sitepe yofunika kuposa mmene imaonekera.

Ntchito zikuluzikulu zimalengezedwa poyera, m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times komanso pa intaneti. Aliyense wokwaniritsa zofunika akhoza kugula mapepala a tenda n'kupikisana nawo. Pali njira inanso yogula kwa munthu mmodzi popanda mpikisano, koma lamulo limailola pa zifukwa zowerengeka, monga pakagwa ngozi yadzidzidzi yonga namondwe wa Freddy yemwe anasakaza Blantyre mu Malichi 2023, kapena pamene wogulitsa chinthucho alipo mmodzi yekha. Lamulo la 2017 linati kugula kotereku kudzerenso ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndipo khonsolo iliyonse imayenera kukhala ndi ndondomeko ya zimene igule m'chakacho. Wamalonda amene amadziwa kuti ngalande zimakonzedwa mvula isanagwe sadabwa chidziwitso chikatuluka.

Chimachitika n'chiyani tsiku lotsegula tenda?

Ili ndi tsiku limene wamalonda aliyense watsopano ayenera kukaliona ndi maso, ngakhale asanaponyeko yake. Pakhomo pa ofesi pamakhala bokosi lokhoma. Anthu amafika ndi maenvulopu omata, ena atanyamula mafayilo onenepa ngati Baibulo la paguwa, n'kulemba dzina ndi nthawi m'kaundula. Nthawi yotsekera ikakwana, yakwana. Ngati chidziwitso chinati 2 koloko masana, wofika mphindi zisanu pambuyo pake amabwerera ndi envulopu yake yosatsegula, kaya anachedwa pa mzere wa galimoto pa Chipembere Highway kaya makina osindikizira anamuvuta.

Kenako bokosi limatsegulidwa pamaso pa onse amene abwera. Wa ofesi amang'amba envulopu imodziimodzi, n'kuwerenga mokweza dzina la kampani, mtengo wake, ndiponso ngati chikole chimene mapepala a tenda anafuna chilimo. Wina amalemba zonse, ndipo opezekapo amasaina. M'chipindamo mumamveka kung'ung'udza mtengo wina ukatsika kwambiri, ndipo amalonda akale amakhala akukopera manambala onse m'kabuku. Amadziwa chimene akuchita. Palibe malo ena kumene munthu angamve mitengo yeniyeni ya opikisana naye kwaulere.

Tsikuli sipasankhidwa wopambana. Kuwerenga mitengo poyera n'kotseka mpata woti wina adzasinthe nambala usiku.

Ndiye wotchipa kwambiri ndi amene amapambana?

Osati nthawi zonse. Mtengo umayang'anidwa komalizira. Oyamba kugwa ndi amene mapepala awo sanakwane: fomu yosasainidwa, satifiketi yotha ntchito, chikole chosowa, kapena nthawi imene mtengo ukhale osasintha yolembedwa yochepa kuposa imene khonsolo inapempha. Otsalawo amaunikidwa ngati katundu wawo akufanana ndi amene akufunidwa. Khonsolo ikati ikufuna mapaipi a mamilimita 110, wolemba a 90 watuluka, ngakhale atatchipa motani. Pa ntchito zomanga amaonanso ngati kampaniyo inagwirapo ntchito yofanana nayo, ngati ili ndi zipangizo ndi amisiri, ndiponso ngati ili ndi mphamvu ya ndalama. Mwa amene adutsa zonsezi, wotsika mtengo ndiye amatenga.

Pali amalonda ambiri amene amatuluka akunena kuti "anatibera", pamene chinawagwetsa ndi tsamba limodzi losasainidwa. Izi sizikutanthauza kuti kubera kulibe. Koma wofuna kukondera mnzake ntchito imamuphwekera kwambiri opikisana nawo akamadzigwetsa okha ndi zolakwika zazing'ono. Fayilo yokwana bwino imavuta kuitaya popanda kusiya mapazi.

Kutsitsa mtengo mopitirira muyeso nakonso ndi msampha. Wolemba mtengo wosakwana kugulira simenti yeniyeni amathera pa ziwiri: kuthawa ntchito ili pakati, kapena kumanga ngalande yomwe igumuke ndi mvula yoyamba. Zonsezi zikhoza kumuletsetsa kuchita malonda ndi boma kwa nthawi, pakuti PPDA ili ndi mphamvu yoimitsa makampani otere.

Kodi bizinesi yaing'ono ili ndi mwayi pamaso pa makampani akuluakulu?

Pamapepala, mwayi ulipo ndithu. Lamulo la 2017 linalamula kuti pa mpikisano wa m'dziko muno, magawo 60 pa 100 aziperekedwa mokomera Amalawi akuda eni nthaka. Mu 2020 boma linatulutsanso lamulo lapadera lopatsa danga mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati, kuphatikizapo a amayi, achinyamata ndi anthu aulumali, kuti zogula zina zizisungidwira iwo. Malire a ndalama ndi tsatanetsatane wa malamulowa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, kotero choyenera kutsatira ndi chimene chalembedwa m'mapepala a tenda imene munthu akuifunayo.

Njira yodalirika ndi kuyamba ndi makotesheni. Telala wa ku Ndirande amene wasoka bwino maovolosi makumi awiri n'kuwapereka pa nthawi yake amakhala ndi LPO (chikalata cha oda chochokera ku khonsolo) ndi kalata yomuchitira umboni, ndipo mapepala amenewo ndi amene adzafunsidwe akadzafuna oda ya mazana asanu. Tenda zina zimagawidwa m'zigawo, ndipo munthu akhoza kupikisana pa chigawo chimodzi chokha chimene angachikwanitse. Mabizinesi awiri akhozanso kuphatikizana mwalamulo n'kuponya tenda imodzi, malinga mgwirizano wawo ulembedwe.

Munthu akapambana, ndalama amalandira liti?

Funso lenileni ndi limeneli, ndipo ambiri amalifunsa mochedwa. Walira mvula walira matope. Khonsolo kawirikawiri silipira katundu asanafike. Wamalonda amagula ndi ndalama zake, kunyamula ndi ndalama zake, n'kudikira.

Ulendo wa pepala umayenda chonchi. Pamatuluka LPO kapena mgwirizano wosainidwa, ndipo popanda chimodzi mwa izi munthu asatulutse ngakhale tsache limodzi m'sitolo mwake, ngakhale bwana ataimba foni kuti zinthu zikufunika lero lomwe ndipo mapepala atsatira. Katundu akafika ku sitolo ya khonsolo amawerengedwa ndi kuunikidwa, wolandira amasaina delivale noti, ndipo amalemba chikalata chawo chovomereza kuti katundu walandiridwa. Wamalonda amapereka invoisi pamodzi ndi lisiti yovomerezeka ndi MRA ngati analembetsa VAT. Fayilo imapita ku ofesi ya zachuma, imadutsa kwa ofufuza za ndalama a pakhonsolopo, kenako kwa osaina. Pepala limodzi likasowa, fayilo imagona pa tebulo ndipo palibe amene amaimbira mwini wake kumuuza. N'chifukwa chake wamalonda ayenera kusunga kope la pepala lililonse lokhala ndi chidindo ndi deti.

Ndalama ikamatuluka imakhala itadulidwa. Khonsolo imachotseratu msonkho wa MRA pokhapokha munthu akhale ndi satifiketi yomuchotsera msonkhowo, ndipo pa ntchito zomanga mbali ina ya ndalama imasungidwa mpaka nthawi yoona ngati ntchitoyo ilibe zilema itatha. Wosawerengera zimenezi polemba mtengo amapeza kuti phindu lake lonse linali m'ndalama zodulidwazo.

Ndipo kuchedwa kulipira ndi matenda akale a boma la Malawi, moti nthawi zina lakhala likulipira ngongole za amalonda ndi mapepala olonjeza kudzalipira m'tsogolo. Makhonsolo nawo amadandaula kuti anthu, makampani ngakhalenso nthambi za boma sizilipira msonkho wa malo. Mapeto ake, amene amanyamula mtolowo ndi wogulitsa. Kampani yaikulu ikhoza kudikira miyezi isanu ndi umodzi. Mayi amene anakongola ku banki mkhonde kapena kwa wakatapira kuti agule utoto sangadikire ngakhale iwiri. Mabanki ena amakongoza ndalama poona LPO, koma chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, osati tsiku limene khonsolo idzalipire.

Nanga mitengo ikakwera pakati pa ntchito?

Amalonda a m'dziko muno anaziona. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali atalonjeza matayala kapena zida za magetsi pa mtengo wakale anadzuka m'mawa ali ndi mgwirizano wowadyera mpamba. Mgwirizano waufupi nthawi zambiri umakhala wa mtengo wosasintha. Wautali umatha kukhala ndi ndime yolola kusintha mitengo, koma ndimeyo iyenera kukhalamo kuyambira pachiyambi. Wogulitsa katundu wochokera kunja awerenge gawo limeneli kawiri, aonenso kuti akulonjeza kusunga mtengo wake kwa masiku angati.

Anthu amati popanda kangachepe sungapate ntchito. N'zoona?

Kukana kuti ziphuphu zilipo kungakhale kunamiza owerenga. Nkhani ya Cashgate ya mu 2013 inali ya kagulidwe ka katundu: makampani ankalandira macheke a boma pa katundu ndi ntchito zomwe sanapereke, ndipo pakati pa omwe anamangidwa ndi kuweruzidwa panali amalonda, osati ogwira ntchito m'boma okha. M'maofesi ang'onoang'ono chinyengo chimavala zovala zina. Munthu mmodzi amabweretsa makotesheni atatu a makampani atatu omwe onse ndi ake. Ntchito imodzi yaikulu imadulidwa tizidutswa kuti isafike pa malire ofuna tenda ya poyera. Zofunika pa katundu zimalembedwa mofanana ndendende ndi zimene zili m'sitolo ya mlamu wake wa wina.

Koma wopereka teni peresenti adziwe chimene wagula. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limalanga wopereka ndi wolandira yemwe. Ndalama ya chiphuphuyo imachokera pa katundu yemweyo, ndiye kuti simenti ichepa kapena utoto usungunulidwa, ndipo ovutika ndi anthu a mumzinda omwe analipira msonkho. Komanso wopereka kamodzi sasiyidwa: adzapereka kuti apambane, adzaperekanso kuti fayilo yake ichoke pa tebulo lina kupita pa lina.

Wogonja mosayenera angadandaule kuti?

Ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene wagonjera, ndipo afunse polemba kalata. Pa ntchito zikuluzikulu, lamulo la 2017 linati khonsolo ilengeze kaye amene ikufuna kumupatsa ntchito ndi mtengo wake, n'kudikira masiku 14 isanasaine. Masiku amenewa ndi a wodandaula. Dandaulo limayamba kwa mkulu wa khonsolo, likakanika limapita ku PPDA, ndipo pomaliza kuli Khoti Lalikulu. Nkhani ya chiphuphu imapita ku ACB.

Ambiri sadandaula poopa kuti adzadedwa ndipo sadzapatsidwanso ntchito. Mantha amenewa ndi omveka. Komabe kalata yaulemu yofunsa zifukwa si ndewu, ndipo yankho lake ndi limene limaonetsa ngati munthu anagwa ndi tsamba losasainidwa kapena anagwetsedwa dala.

Pamenepa, chofunika kusintha n'chiyani?

Wamalonda ali ndi mbali yake: mapepala amoyo, mtengo wowerengedwa bwino, osapereka katundu popanda LPO, ndiponso osalandira oda yoposa mpamba wake. Koma mbali yaikulu ili kwa makhonsolo. Malamulo okomera mabizinesi ang'onoang'ono anakhazikitsidwa mu 2017 ndi 2020, koma sangagwire ntchito ngati wopambana ayenera kudikira malipiro mpaka bizinesi yake itafa. Khonsolo yochedwa kulipira imadzipweteka yokha, chifukwa amalonda amakweza mitengo kuti aphimbe nthawi yodikira, ndipo oona mtima ambiri amangosiya kupikisana nawo.

Makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba angathe kuchita zinthu ziwiri zosafuna lamulo latsopano. Asaitanitse katundu amene alibe ndalama zake. Ndipo mwezi uliwonse amate pa bolodi ndi pa intaneti mndandanda wa amene apatsidwa ntchito, mtengo wake, tsiku limene invoisi inafika ndi tsiku limene inalipiridwa. Makhansala, omwe ntchito yawo ndi kuyang'anira ndalama za mzinda, ayambe kufunsa mndandanda umenewu pa msonkhano uliwonse wa khonsolo.